Merit anatitsatira mpaka kugombe la Makawa

Ndinali Sitandade 6 pamene ndinazembetsa ndalama ya amayi yogulira palafini n'kukalowa m'nyumba ya vidiyo ku Makawa, m'boma la Mangochi. Mpanda wa mabango, jenereta ikulira kuseri, asodzi atadzaza mabenchi akununkha usipa. Usiku umenewo ankaonetsa Living in Bondage.

Filimuyi inatuluka ku Nigeria mu 1992 pa tepi ya VHS, ndipo amalankhula Chiigbo. Kwathu inafika mochedwa, tepi itatopa kale. Mnyamata wina wa Fomu 2 ndiye ankatiwerengera mawu a Chingerezi m'munsi mwa sikirini, mwina n'kumawonjezera zake.

Andy Okeke, yemwe amamusewera ndi Kenneth Okonkwo, watopa ndi umphawi. Mnzake amulowetsa m'gulu la anthu okhwima, ndipo iwo amuuza kuti apereke munthu amene amamukondetsetsa. Ayesa kuwanamiza pobweretsa mkazi woyendayenda, koma mayiyo aitana dzina la Yesu, mwambo n'kusokonekera. Mapeto ake apereka mkazi wake weniweni, Merit. Ndalama zibweradi. Koma Merit nayenso abwera, ngakhale pa tsiku loti Andy akukwatira wina, mpaka mwamunayo achita misala n'kumatola zakudya kudzala.

Kunena zoona, mzukwawo sunali woopsa kwenikweni: mzimayi wovala zoyera basi. Chimene chinatiuma pakamwa n'choti nkhaniyo tinkaidziwa kale. Kukhwimira chuma sitinakuphunzire kwa Anaijeriya ayi, agogo ankakukamba kalekale. Filimuyi inangokuveka nkhope, suti ndi galimoto.

Opanga mafilimu anaona kuti mantha amenewa amagulitsa. Mu 1997 kunabwera Blood Money, momwe munali Kanayo O. Kanayo, yemwenso anali mu Living in Bondage. Mpaka lero anthu pa Facebook amamuseleula ndi nkhani za nsembe. Njira inakhala yomweyo: umphawi, chipinda cha nsalu zofiira, magazi a wachibale, chuma, misala, kenako abusa.

Ife tinaitengera njira imeneyi kugombe. Amalume anga atagula injini ndi chilimira chachiwiri, kamwana kawo kanamwalira ndi malungo. Sipanathe sabata, ana tinayamba kuwatchula Andy. Inenso ndinali momwemo, ngakhale ndinkawaona zaka zonse akugona panyanja ndi nyali, akusunga ndalama m'chitini cha mkaka. Akuluakulu sankatiletsa. Amayi ena anasiya kugula nsomba zawo.

Mu 2019 Ramsey Nouah anatulutsa Living in Bondage: Breaking Free, yonena za mwana wa Andy. Ndinaionera pa foni, bandulo ikutha ngati madzi. Zithunzi n'zokongola, koma sindinachite mantha ngati ku Makawa kuja. Maganizo anali pa amalume, omwe anagulitsa chilimira chija n'kusamukira ku Msaka. Nditawaimbira kuti ndipepese, anaseka pang'ono n'kuti, "Iwe unali mwana. Koma mayi ako?"