Chobwereka sasintha, ngakhale m'kompyuta

Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala za kumudzi, monga kuno kwathu ku Manjawira, amapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Ntcheu. Kumeneko amawalowetsa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo manambala onse amakasungidwa m'nkhokwe yotchedwa PostgreSQL, yomwe inayambira ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1986. Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu, choncho ndati ndikufotokozereni lamulo limodzi lomwe limateteza manambalawo.

M'kati mwa nkhokweyi muli timagawo togwira ntchito, totchedwa ma function. Kagawo kalikonse kamapatsidwa zinthu n'kubweza yankho: kena kamaphatikiza manambala, kena kamayerekeza mayina. Chinthu chaching'ono, monga nambala wamba, chimakoperedwa ndipo function imalandira kope lakelake. Koma chachitali, monga dzina la chipatala, sichikoperedwa poopa kudzaza memory, malo omwe kompyuta imagwirira ntchito. Function imangolozeredwa pamene chinthucho chili.

Apa ndiye pagona nkhani. Cholozeredwacho n'chobwereka, ngati khasu la mnansi. Lamulo la PostgreSQL ndi loti usachisinthe. Ukafuna kusintha, pempha malo akoako kudzera m'lamulo lotchedwa palloc, kopera, kenako sintha kopelo. Wophwanya lamuloli angawononge zomwe ntchito zina zikuwerenganso, lipoti n'kutuluka lolakwika popanda chenjezo. Ndipo chiwerengero cha odwala malungo chikalakwika, amene akukonza za mankhwala amasokera nacho.

Nanga malo opemphedwawo amabweza ndani? Onani msika tsiku likatha: wosesa safunsa kuti khoko ili ndi la yani, amasesa bwalo lonse nthawi imodzi. PostgreSQL nayo imaika malo opemphedwa m'magulu, ntchito ikatha gulu lonse limasesedwa. Izi zimathandiza kuti memory isamadzaze pang'onopang'ono mpaka makina kuima. Koma yemwe akufuna kuti chinthu chake chikhalitse ayenera kuchiika m'gulu lokhalitsa. Akapanda kutero, adzakachifuna pamalo posesa kale, ndipo seva ingagwe.

Achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta, musanakhudze chilichonse m'pulogalamu dzifunseni mafunso awiri: mwini wake ndani, ndipo chikhala mpaka liti? Kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu amene anaima pamzere kuchipatala.