Zomwe Mafilimu a M'khoti Amatiphunzitsa

Makolo ena afunsa chifukwa chake timalola ophunzira kuonera Perry Mason pa DVD. Sewero la ku America limeneli, lomwe linkaonetsedwa pa kanema kuyambira 1957 mpaka 1966, limasonyeza loya akuteteza munthu amene aliyense wamuweruza kale. Loyayo akafunsa mboni modekha, bodza limaonekera poyera, wolakwa weniweni n'kudziwika.

Chisilamu chimatiphunzitsa zomwezi. Surah Al-Hujurat, ndime 6, imatilamula kufufuza nkhani yobwera ndi munthu wosadalirika, ndipo Mtumiki (SAW) adaika udindo wobweretsa umboni pa woimba mlandu. Koma ukonde ukasowa padoko kuno ku Nkhotakota, mnyamata atha kumenyedwa chifukwa cha mphekesera chabe. Mwana wozolowera kufunsa kuti umboni uli kuti sathamangira kutola mwala. Makolo, onerani nawo limodzi, kenako mukambirane.