Mpweya Wopanikizidwa: Mphamvu Yosaoneka Imene Ifuna Ulemu

Njanji yochokera pa Nkaya m'boma la Balaka, yowoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde ndi kupyola boma la Machinga mpaka ku Nayuchi, inatsegulidwa m'chaka cha 1970. M'chaka cha 2017 kunatsegulidwanso mwamwambo njira yaitali ya makilomita 912 yochokera ku migodi ya malasha ku Moatize mpaka ku doko la Nacala, ndipo njirayi imadzera pa Nkaya pomwepo. Sitima za malasha zoyenda pamenepo zimakoka mabogi opitirira 100. Tsono funso loyenera kufunsa m'kalasi ndi ili: kodi munthu mmodzi wokhala kutsogolo amaimitsa bwanji katundu wolemera chotero, pamene bogi yotsiriza ili kutali koti sangathe kuiona? Yankho lake ndi mpweya, womwewu umene munthu amapuma, koma utapanikizidwa m'malo ochepa.

Mpweya womwewo ndiwo umagwira ntchito kwa okonza matayala pa Chingeni ndi pa Liwonde, kwa openta galimoto m'magalaja a ku Balaka, m'mabuleki a malole akuluakulu, ndiponso m'makina okumba mijigo amene amafika m'midzi ndi m'masukulu. Achinyamata ambiri otsiriza sukulu adzayamba ntchito m'malo ngati amenewa. Ndi chifukwa chake ayenera kudziwa chinthu chimodzi asanagwire paipi: chida chilichonse chosunga kapena kunyamula mpweya chili ndi malire ake, ndipo malirewo amawerengedwa pa nambala yolembedwa pa chidacho, osati pa maonekedwe ake.

Kulemera kwa chinthu chosaoneka

Makolo osula makasu ankadziwa kale kuti mpweya umakankhika, pakuti mvukuto ntchito yake ndi yomweyo. Kompuresa ndi mvukuto wa makono woyendetsedwa ndi injini kapena magetsi. Imakoka mpweya wambiri ndi kuukakamiza kulowa m'thanki yaing'ono. M'chaka cha 1662 Robert Boyle anasonyeza kuti malo a mpweya akachepa ndi theka, kukankha kwake kumawirikiza kawiri.

Kukankhako kumayesedwa ndi muyeso wotchedwa bar, ndipo mageji ena amalemba psi. Bar imodzi ndi pafupifupi psi 14.5. Tayala la galimoto yaing'ono limalandira bar 2 kapena kupitirirapo pang'ono. Tayala la lole limafuna bar 7 kapena 8, ndipo kompuresa ya m'galaja imasunga mpweya wa mlingo womwewo. Geji ikaloza pa 7, ndiye kuti mpweya wodzaza ndowa zisanu ndi zitatu watsekeredwa m'malo a ndowa imodzi.

Mphunzitsi angathe kuonetsa ana kukula kwa mphamvuyi ndi masamu a pulayimale. Bar imodzi imakankha ngati kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Malo aakulu ngati chikhatho, masentimita 10 uku ndi 10 uku, ali ndi timalo totere 100. Motero pa bar 7 chitsulo cha thanki chachikulu ngati chikhatho chimasenza makilogalamu 700, omwe ndi matumba 14 a chimanga a makilogalamu 50. Thanki yonse ili ndi zikhatho zambirimbiri. Paipi ya madzi ikaphulika, madzi amangotayika ndipo mphamvu imatha pomwepo, chifukwa madzi sapanikizika. Mpweya ndi wosiyana: umafutukuka kubwerera m'ndowa zake zisanu ndi zitatu zija, ndipo pofutukukapo umaponya zitsulo kutali.

Phunziro la pa njanji

Kale m'maiko a kunja sitima inkaimitsidwa ndi anthu othamanga pamwamba pa mabogi, akumanga mabuleki a pamanja mmodzimmodzi, ndipo ambiri ankagwa ndi kufa. George Westinghouse wa ku America anatulukira buleki ya mpweya m'chaka cha 1869, ndipo mu 1872 anaikonza mwanzeru koposa. Paipi imodzi imayenda kuchokera ku injini mpaka ku bogi yotsiriza, ndipo bogi iliyonse ili ndi kathanki kake ndi valavu yake. Pamene paipi ili yodzaza, mabuleki amakhala omasuka. Woyendetsa akatulutsako mpweya m'paipimo, valavu ya bogi iliyonse imatsegula kathanki kaja, ndipo mpweya wake umakankhira zitsulo pa magudumu. Sitima ikaduka pakati, paipi imadukanso, mpweya umathawa, ndipo mbali zonse ziwiri zimaima zokha. Nzeru yake ndi yakuti chinthu chikawonongeka, makina aime m'malo mothamanga.

Komabe ngakhale nzeru imeneyi imadalira mpweya wosungidwa, ndipo mpweya wosungidwa umatha. Usiku wa pa 5 Julaye 2013, ku Canada, sitima yonyamula mafuta m'mabogi 72 inasiyidwa pamtunda injini imodzi ikulira kuti kompuresa isaleke kupopa. Pa injiniyo panabuka moto, ndipo ozimitsa moto anaithimitsa. Mpweya umene unkagwira mabuleki a mainjini unayamba kudontha pang'onopang'ono, ndipo mabuleki a pamanja amene anamangidwa anali osakwanira. Sitimayo inatsetsereka yokha mtunda wopitirira makilomita 11 ndi kukagwa pakati pa tauni ya Lac-Mégantic. Anthu 47 anafa. Timipata tothawira mpweya, timene aliyense akanati n'tachabechabe, tinali mbali ya tsoka lalikulu chotero.

Kusankha zida

Zimene zimachitika pa njanji zimachitikanso m'galaja, kungosiyana kukula. Mwini ntchito akafuna kugula kompuresa, ayambe wayang'ana kachitsulo kokhomedwa pa thanki. Pamenepo pamalembedwa dzina la opanga, chaka, kukula kwa thanki m'malita, ndi mlingo wa bar umene thankiyo siyenera kupitirira. Thanki yopanda kachitsulo kameneka, kapena imene wina anaiwotcherera chigamba, siyenera kugulidwa ngakhale itapakidwa utoto wowala. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chimodzimodzinso mgolo wa mafuta, thanki ya madzi otentha, kapena botolo lakale limene mbiri yake sidziwika: zonsezi sizinapangidwire ntchito imeneyi.

Thanki yoyenera imakhala ndi zinthu zinayi: geji yogwira ntchito, switchi yozimitsa injini mpweya ukakwana, kampopi kotulutsira madzi pansi pake, ndi valavu yoteteza imene imatseguka yokha mpweya ukapitirira malire. Valavu yotetezayo ndiyo mlonda wotsiriza switchi ikakanika. Ikayamba kulira, ena amaimanga ndi waya kapena kuichotsa ndi kutsekapo ndi bawuti kuti phokoso lithe. Kutero ndi kuthamangitsa galu chifukwa wauwa mbala. Valavu yolira ifunika kufufuzidwa chifukwa chake, ndipo ikakhala yakufa, m'malo mwake mulowe ina ya mlingo womwewo.

Mapaipi nawonso ali ndi manambala awo. Paipi ya mphira yopangidwira mpweya imalembedwa mlingo wake m'mbali mwake, ndipo mlingowo uyenera kuposa umene kompuresa imafika. Paipi yothirira dimba siyenera kulowa m'malo mwake. Paipi yolimba ya pulasitiki ya PVC, imene imagwira bwino ntchito ya madzi, ndi yoopsa pa mpweya, chifukwa ikasweka imamwazika m'tizidutswa takuthwa ngati magalasi. Polumikiza mapaipi pafunika zomangira zachitsulo zopangidwira ntchitoyo, osati waya kapena malegeni. Paipi ikasololoka ili ndi mpweya imakwapula uku ndi uku ngati njoka yopondedwa, ndipo chitsulo cha kumapeto kwake chimathyola mano ndi kuboola maso. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola: thanki ya bar 11 ikalumikizidwa ndi paipi ya bar 4, makina onsewo ndi a bar 4.

Zida zambiri za pamanja zoyendera mpweya, monga zomasulira mabawuti a matayala ndi zoperera zitsulo, zinapangidwira pafupifupi bar 6. Pakati pa thanki ndi chida pamaikidwa sefa yochotsa madzi ndi fumbi, ndiponso kachipangizo kochepetsera mpweya kufika pa mlingo umene chidacho chikufuna. Chida chikafooka, kawirikawiri vuto silikhala kuchepa kwa bar, koma paipi yopyapyala, yaitali kwambiri, kapena yodontha. Kukweza mpweya pofuna kubisa vutolo kumazungulitsa mwala woperera mopitirira liwiro lake, ndipo mwalawo ungathe kusweka. Botolo la okosijeni la owotcherera zitsulo lisalowe konse m'malo mwa kompuresa, pakuti okosijeni akakumana ndi oyilo kapena girizi amabutsa moto.

Mdani wa m'kati

Chigwa cha Shire ndi chotentha, ndipo m'miyezi ya dzinja mpweya wake umakhala ndi chinyezi chambiri. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungathe kusunga madzi okwana magalamu 30. Ukapanikizidwa ndi kuzizira m'thanki, gawo lalikulu la madziwo limatsalira pansi pa thankiyo. Madzi akakhalitsa amabala dzimbiri, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kuchokera m'kati kumene diso silifika. Mankhwala ake ndi osafuna ndalama: kutsegula kampopi ka pansi tsiku lililonse poweruka. Woyendetsa lole naye ali ndi ntchito yomweyo pa mathanki a mabuleki ake.

Kupatula apo, thanki iyenera kuyesedwa ndi katswiri nthawi ndi nthawi. Katswiriyo amaidzaza madzi, osati mpweya, ndi kuwapopa mopitirira mlingo wa tsiku ndi tsiku, kuti ngati thankiyo ili yofooka ing'ambike popanda kuvulaza munthu. Lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1997 loteteza moyo ndi thanzi la anthu pa ntchito limapereka udindo wosamala makina kwa mwini ntchito, ndipo oyendera malo a ntchito ochokera ku unduna wa zantchito ali ndi mphamvu zoyang'ana mathanki otere. Wantchito wofunsa ngati thanki inayesedwa sakuchita chipongwe. Safunsa anadya phula.

Thupi la munthu si thanki

Ngozi zambiri sizibwera ndi kuphulika kwa thanki, koma ndi chizolowezi. Mnyamata akaweruka ali mbuu ndi fumbi, amatenga paipi ndi kudzipemerera malaya ndi tsitsi. Mpweyawo umaponya tizitsulo m'maso, umaboola nembanemba ya m'khutu, ndipo ukapeza bala ungathe kulowa m'mitsempha ya magazi ndi kupha munthu. Ku America lamulo limaletsa kupemerera zinyalala ndi mpweya wofika psi 30, omwe ndi bar 2 okha, pamene paipi ya m'galaja ili ndi bar 7. Choopsa koposa ndi nthabwala yolozetsa paipi kumbuyo kwa mnzako. Mpweya umadutsa nsalu ndi kung'amba matumbo, ndipo anthu afapo ndi masewera amenewa m'maiko ambiri.

Popopa tayala la lole, wantchito asaime moyang'anizana nalo kapena kuweramirapo. Aliike m'khola lachitsulo, agwiritse paipi yaitali yodzigwira yokha pa valavu, ndipo iye aime pambali. Malimu ogawika, aja okhala ndi mkombero wachitsulo wochotseka, ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa mkomberowo ukakhala molakwika umauluka ndi mphamvu yodula mutu. Limu isawotchereredwe tayala lili pomwepo, ngakhale litaphwetsedwa, pakuti kutentha kumafukitsa mphira m'kati ndipo tayala lingathe kuphulika.

Asanamasule chilichonse, wokonza makina azimitse kompuresa, atseke mpweya, atulutse wotsalira m'mapaipi, ndipo aone ndi maso ake kuti geji yabwerera pa 0. Makina ozimitsidwa si makina opanda mphamvu, popeza thanki imasunga mpweya wake usiku wonse.

Mawu kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Makina okumba mijigo akafika pa sukulu, ana amaunjikana kuti aone madzi akutumphuka. Kompuresa za makina amenewa zimapopa mpweya woposa kawiri wa m'galaja, m'mapaipi aakulu ngati mkono. Mphunzitsi wanzeru amaimika ana kutali, kunja kwa chingwe, ndipo pomwepo amapeza phunziro la sayansi loposa la pa bolodi. Pampu ya njinga, munthu atatseka kukamwa kwake ndi chala, imaphunzitsanso bwino: chogwirira chimabwerera chokha, ndipo pampuyo imatentha.

Amene atsiriza sukulu ali ndi njira zophunzirira ntchitozi mwadongosolo. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito za manja, ndipo sukulu monga ya Nasawa ku Zomba ndi ya Soche ku Limbe sizili kutali ndi Machinga ndi Balaka. Koma ngakhale amene adzaphunzira pansi pa mtengo kwa mmisiri wa m'mbali mwa msewu angathe kudziteteza ndi mafunso atatu pa tsiku loyamba: thankiyi inalembedwa bar zingati, valavu yoteteza ili pati, ndipo madzi anatulutsidwa liti? Mmisiri weniweni amayankha mafunso otere mokondwa, ndipo amamuonetsa wophunzirayo ndi chala. Pamene mafunsowa akuyankhidwa ndi kuseka kapena mkwiyo, wophunzirayo adziwe kuti kumbali kwa thanki imeneyo si malo odyera nsima ya masana.