Za Kusankha Galimoto ya Banja Lalikulu pa Mlangeni

Msewu waukulu wa M1, pochoka pa boma la Ntcheu kulinga ku Dedza, ukwera mapiri nudzera pa Biriwiri, pa Mlangeni ndi pa Lizulu. Pa mtunda wautali msewuwu uyenda m'malire enieni a dziko lino ndi Mozambique, kotero kuti munthu akhoza kugula kabichi mbali ino ya phula, tomato nakagula ku Angonia mbali inayo. Ndi dziko lozizira, la mbatata ya kachewere ndi nkhungu yochindikala m'miyezi ya June ndi July. Pa Mlangeni pali sukulu yophunzitsa apolisi, ndipo m'midzi yozungulira muli aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi antchito a chipatala, amene maulendo awo onse, a ku boma, a ku maliro, ndi a kukatula ana ku sukulu zogonera komweko, adzera pa msewu umodzi womwewu.

Wantchito wa Boma akasunga ndalama zaka zambiri nafuna kugula galimoto, funso lake loyamba likhala lakuti, “Kodi ilowa anthu angati?” Funsoli si lopusa ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti khomo limodzi m'Malawi likhala ndi anthu anayi kapena asanu, koma khomo la mphunzitsi silitsata kalembera. Pali ana ake, pali ana a mlongo wake amene mwambo unawaika m'manja mwa malume, pali agogo, pali amasiye. Galimoto ya mipando isanu siikwana pa khomo lotere. Koma funso lija lili ndi mayankho awiri. Wogulitsa ayankha poyang'ana malo, pakuti Amalawi adziwa kupanikizana. Wopanga galimoto anayankha kale poika malamba ndi polemba kulemera kumene galimotoyo iyenera kusenza, ndipo tsiku la ngozi yankho la wopangalo ndilo lipezeka loona.

Magalimoto ambiri amene mabanja agula ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan. Atsikira pa doko la Dar es Salaam nalowa m'dziko muno pa Songwe, m'boma la Karonga. Ubwino wake ndi wakuti ku Japan ayenda mbali ya kumanzere monga kuno, ndipo chiwongolero chili kumanja. Toyota Sienta itenga anthu 7. Noah, Voxy ndi Nissan Serena zitenga 7 kapena 8. Honda Freed ili pakati pomwepo. Chiyambire November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, munthu wa malipiro a pamwezi akakamizika kuyang'ana galimoto yakale kuposa imene akadafuna, ndipo n'chifukwa chake kusamala kwakula.

Galimoto iliyonse yochokera ku Japan ibwera ndi chikalata chake chotulukira m'dzikolo. Mawu ake ndi a Chijapani, koma manambala awerengeka. Pa chikalatapo palembedwa chiwerengero cha anthu ololedwa, kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, ndi kulemera kwake itadzaza. Amene achotsera nambala yachiwiriyo ku yachitatu apeza chinthu chodabwitsa: ku Japan munthu mmodzi amwerengera makilogalamu 55. Tsono galimoto ya anthu 7 ilembedwa makilogalamu 385, ya anthu 8 makilogalamu 440, ndipo m'masamu amenewa mulibe thumba la chimanga ngakhale limodzi.

Mphunzitsi aliyense akhoza kuwerengera yekha pa bolodi. Bambo wa makilogalamu 75, mayi wa 70, agogo a 55, anyamata awiri a ku sekondale a 60 aliyense, ndi ana atatu a 30 aliyense: onse pamodzi ndi 410. Pa 440 paja patsala 30, pamene thumba limodzi la chimanga lilemera 50. Nanga ndani wa ku tauni anadutsapo pa Lizulu osaima? Mbatata, kabichi, anyezi, nyemba, zonse ziitana, ndipo apongozi sangalole kuti mkamwini abwerere chimanjamanja. Galimoto siidandaula pomwepo. Ingokhala pansi kumbuyo, mphuno nitukuka. Matayala akutsogolo, amene ndiwo awongola, apepukidwa, nyali ziunika m'mitengo ndi m'maso mwa dalaivala wobwera kutsogolo, ndipo mabuleki afuna mtunda wautali kuti aimike katundu amene sanampangire.

Malo akatha m'kati, katundu akwera padenga, ndipo apa ndi pamene galimoto yaikulu isanduka yoopsa. Galimoto yaitali msinkhu, ikanyamula zolemera pamwamba, ifanana ndi mayi wosenza mtsuko wodzaza: poyenda molunjika ayenda bwino, koma akapatuka mwadzidzidzi mtsuko upita kwina. M'chaka cha 2001 bungwe la Boma la America loyang'anira chitetezo cha pamsewu, la NHTSA, linachenjeza za magalimoto onyamula anthu 15, amene mipingo ndi masukulu a kumeneko anali kuwakonda. Linapeza kuti pa ngozi, galimoto yotere itanyamula anthu 10 kapena kuposa, inali kugubuduka pafupifupi katatu kuposa imene inanyamula anthu osakwana 5. Chifukwa chake n'chakuti anthu akachuluka, kulemera kukwera pamwamba ndi kusunthira kumbuyo. Misewu ya ku America ndi yotakata. Wa pa Mlangeni ndi wopapatiza, m'mbali mwake phula linadyeka, ndipo tayala likagwera m'mbalimo dalaivala nakoka chiwongolero mwamantha kuti abwerere, ndi pomwepo galimoto yotere igudubuka.

Banja la anthu 10 kapena 12 liyang'ana kwa Toyota Hiace, ndipo pano pafunika maso awiri. Hiace ilipo ya mitundu iwiri. Ina inapangidwira anthu: Wagon ya anthu 10 ndi Commuter ya anthu 14, zokhala ndi mipando ndi malamba ochokera ku fakitale. Ina inapangidwira katundu, ndipo ndiyo yotsika mtengo. Yotereyi ikafika kuno ipita kwa owotcherera, amene aikamo mabenchi a mapaipi namanga ndi mabawuti pa chitsulo chopyapyala cha pansi. Ntchito yawo ioneka yaudongo, ndipo pa ulendo wabwino palibe angadandaule. Koma galimoto ikagunda chinthu, mipando yotere izuka ndi anthu ake omwe, nipanikiza amene ali kutsogolo. Ku South Africa, kumene Hiace inali kugulitsidwa m'dzina la Quantum, ofesi ya Public Protector inatulutsa lipoti mu 2019 lodzudzula mchitidwe womwewu wosandutsa magalimoto a katundu kukhala onyamula anthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: wogula agwade, ayang'ane pansi pa mpando, aone ngati miyendo yake inachokera ku fakitale kapena ku msika. Adziwenso kuti m'Hiace ya mphuno yafupi, imene inayamba kupangidwa mu 2004, dalaivala akhala pamwamba pa matayala akutsogolo, ndipo pakati pa mawondo ake ndi lole yobwera kutsogolo pali chitsulo chochepa ndithu.

Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anampanga Nils Bohlin, wa kampani ya Volvo ku Sweden, mu 1959, ndipo kampaniyo inalola opanga magalimoto onse kutengera nzeruyo kwaulere. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti lamba achepetsa imfa za okwera galimoto kufikira theka. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikagunda chinthu cholimba, munthu wosamanga lamba amenyeka monga wagwa kuchokera pa bulugamu wotalika mamita 10. Palibe mayi, ngakhale wa manja olimba ndi khasu, amene angagwire mwana pamiyendo pa nthawi yotere. Mwanayo achoka m'manja. Tsono kuwerenga kwenikweni ndi uku: malamba ali angati, ndipo kodi onse akoka ndi kugwira? M'magalimoto ambiri akale mpando wa pakati uli ndi lamba wa m'chiuno mokha, ndipo m'ena malamba a mzere wachitatu anakwiririka pansi pa mipando kapena anadulidwa. Wogula akoke lamba aliyense mwamphamvu ndi mwadzidzidzi; wabwino aima nji. Ngati malamba ali 7, galimotoyo ndi ya anthu 7, khanda nalonso likhala munthu pa chiwerengerocho. Mpando wake wapadera wa khanda, umene WHO inena kuti uchepetsa imfa za makanda ndi 71 pa 100 alionse, mtengo wake sufika pa mtengo wa matayala anayi, koma ndi mabanja owerengeka amene aukumbukira.

Mzere wachitatu uli ndi vuto lakenso. M'galimoto yaifupi monga Sienta, msana wa wokhala kumbuyo uli pafupi ndi chitseko chakumbuyo. Mwa chizolowezi kumeneko ndiko aponyako ana aang'ono, pamodzi ndi makasu ndi zigubu za mafuta. Pa malo a malonda monga Lizulu, pamene magalimoto aima mwadzidzidzi ndipo malole atsata pambuyo, kugundidwa kumbuyo si chinthu chachilendo. Noah kapena Serena, pokhala zazitali thupi, zisiyako mpata.

Za makina, zofunika kuyang'ana n'zochepa. Mu 1995 makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz anatulutsa chipangizo chimene chimva galimoto ikayamba kuterereka nichigwira buleki ya tayala limodzi kuti ibwerere m'njira. A Toyota achitcha VSC, a Nissan VDC, a Honda VSA. Ku Japan chinakhala chokakamiza pa magalimoto atsopano a banja kuyambira 2012 ndi 2014, kotero opangidwa zaka zimenezi zisanafike ena ali nacho, ena alibe. Pa galimoto yaitali msinkhu, pa phula lonyowa ndi nkhungu ya ku Ntcheu, chipangizo chimenechi chiposa wailesi, chiposa zitseko zotseguka zokha. Potembenuza kiyi, nyali za ABS ndi za airbag ziyenera kuyaka kanthawi ndi kuzima. Nyali yosazima isonyeza chilema; yosayaka konse isonyeza kuti mwina wina anaizimitsa dala. Magalimoto ambiri a ku Japan a m'zaka za 2000 anali ndi ma airbag a kampani ya Takata, amene akakalamba m'malo otentha ndi achinyezi aphulika ndi tizitsulo. Magalimoto mamiliyoni ambiri anaitanidwa kukakonzedwa, kampaniyo nigwa mu 2017. Nambala ya chasisi, ikaperekedwa kwa oimira kampani yopanga galimotoyo, ionetsa ngati ili m'gulu limenelo. Ndipo airbag ngakhale yabwino inapangidwira munthu wamkulu womanga lamba. Malo a mwana ndi kumbuyo.

Matayala anyenga anthu ambiri. Galimoto zina zifika ndi matayala a m'chipale, a mphira wofewa ndi timizere tambirimbiri, ooneka atsopano, koma osapangidwira phula lotentha la ku Balaka. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2316 ndiye kuti sabata la 23 la chaka cha 2016. Mphira ukalamba ngakhale mapanga ake akadali akuya. Palinso nambala ya katundu: 91 isenza makilogalamu 615, pamene 95 isenza 690. Kuika tayala la galimoto yaing'ono pa Hiace chifukwa chotsika mtengo ndiko kuitana kuphulika.

Ena aganiza kuti pikapu, pokhala yolimba maonekedwe, ndiyo yankho. Ya mizere iwiri ili ndi malamba 5 basi, ndipo okhala kubwalo kumbuyo alibe chowagwira chilichonse. Kulimba kwa maso nakonso si umboni. Mu 2018 bungwe la Global NCAP, limene ligunditsa magalimoto dala kuti liwayese, linayesa Nissan NP300 Hardbody yogulitsidwa yatsopano ku South Africa, ndipo pa kuteteza akuluakulu okweramo siinapeze nyenyezi ngakhale imodzi.

Wogula akumbukirenso kumene galimotoyo idzayenda. Banja la pa Mlangeni lofuna kupita ku nyanja litsika msewu wa Khwekhwelere, wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti, wokhotakhota m'mbali mwa phompho. Galimoto yolemera ikatsika ndi phazi pa buleki njira yonse, mabuleki atentha nasiya kugwira. Ambiri a magalimoto a ku Japan ndi osintha okha magiya, ndipo eni ake ena sadziwa ntchito ya zilembo za L, 2, S kapena B zimene zili pa ndodo ya giya. Ndizo zochititsa injini kugwira galimoto pamtsetse. Ameneyu ndi mwini, mayi wa pakhomo ngati ayendetsa, ndi mnyamata amene adzapatsidwa kiyi, onse ayenera kuzidziwa asanatsike. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira uwirikiza kanayi, ndipo pa tsiku la msika m'mbali mwa M1 mudzaza anthu apansi, a kabaza, ndi ana owoloka pakati pa maiko awiri. WHO inena kuti oposa theka la anthu 1.19 miliyoni ofa pamsewu chaka chilichonse ndi apansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Chitsulo chimene ena amangirira kutsogolo kwa galimoto pofuna kuteteza nyali chithyola mafupa a anthu otere.

Lamulo la pamsewu la 1997 lifuna kuti galimoto ikhale ndi inshuwalansi ndi chiphaso cha COF, chimene chili m'manja mwa nthambi ya Boma ya Road Traffic, ndipo apolisi achita bwino pozifunsa. Koma COF inena za tsiku limene galimoto inayesedwa, yopanda anthu ndi yopanda matumba. Wogula wanzeru atenga makaniko wake wa iye mwini, wosadziwana ndi wogulitsa, nalipira kuti galimoto ikwezedwe ndi kuonedwa pansi: dzimbiri, mapaipi a buleki, ndi zipsera za kuwotcherera zimene zisonyeza ngozi yakale. Ndipo pamene ndalama zingokwana galimoto ya malamba 8 koma pakhomo pali anthu 11, atatu otsalawo akwere basi, mbatata nayo itumizidwe pa lole.