Madzi akale ankatisiyira dothi, a lero akutisiyira mchenga

Dzinja lililonse wailesi ikalengeza kuti madzi asefukira m'chigwa cha Shire, anzathu a kumtunda amafunsa funso limodzimodzi: kodi anthu amenewa bwanji osangosamuka? Ine ndidabadwira m'boma la Nsanje ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale yoyendera konkuno. Yankho langa ndi lakuti madzi amene makolo athu adazolowera kukhala nawo si amene akutipha masiku ano.

Ndili mwana, kusefukira kwa madzi inali mbali ya kalendala ya ulimi. Mabanja ambiri ankakhala ndi minda iwiri: wa kumphala, komwe tinkalima mapira ndi mchewere, ndi wa kudimba, m'mphepete mwa mtsinje. Madzi ankakwera pang'onopang'ono, mwina masiku atatu kapena anayi. Agogo anga ankazika kamtengo pagombe madzulo, m'mawa n'kukaona pomwe madzi afika. Ankaonanso mtundu wa madziwo, zinyalala zoyandama, nyerere zikamasamutsa mazira awo, ndi mvuu zikayamba kuyenda kutali ndi mtsinje. Akangoti "ana inu, mangani katundu", tinkakweza mbewu pansanja, mbuzi n'kuzikusira kumtunda, bwato lili chire.

Madzi akaphwa cha mu April, ankasiya dothi lakuda lonona. Tinkabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda thumba la feteleza ngakhale limodzi. M'mathawale munkatsala milamba yoti mwana n'kugwira ndi manja. Chaka cha njala, dimba ndiye linkatipulumutsa, ndipo zikavutitsitsa amayi ankakazula nyika kudambo. N'chifukwa chake munthu wa kuno akauzidwa kuti asiye mtsinje, amamva ngati wauzidwa kuti asiye nkhokwe.

Sikuti kale kudalibe zoopsa. Akuluakulu amakumbukira napolo wa ku Zomba wa mu 1946, ndipo wa ku Phalombe wa mu March 1991 adapha anthu ambiri mpaka boma lidakhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Kwathu kuno, madzi a mu 1997 adadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, malo amene lero timawatchula kuti Mtayamoyo. Ndimakumbukira bambo akudandaula kuti ulendo womwe ankayenda panjinga tsopano ufunika ndalama ya bwato. Koma zoterezi zinkabwera patalipatali, moti munthu ankatha kumanga nyumba, kulera ana, asadaonenso zina.

Tsopano tawerengani nokha. Mu January 2015 madzi adafika usiku, Ruo adasiya njira yake n'kudutsa m'midzi ya kwa Mlolo, ndipo dera la Makhanga lidasanduka chilumba. Anthu adagona m'mitengo ndi pazulu kudikira asilikali. M'dziko lonse anthu oposa 100 adafa, oposa 200,000 adasowa pokhala, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 ali pangozi. Mu March 2019 kudabwera Idai. Mu January 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo a m'tauni nawo adalawa mdima kwa miyezi yambiri. Patangotha milungu yochepa, Gombe adafika. Mu March 2023 Freddy adagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mwana amene ali Fomu 4 lero waona zonsezi ndi maso ake.

Chasintha n'chiyani? Akatswiri a zanyengo akuti anamondwe akubwera ndi mvula yambiri kuposa kale chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Koma pali china chomwe ife timachiona tikamawoloka mitsinje. Madzi otimiza kuno nthawi zambiri si mvula ya kuno. Ruo amachokera kuphiri la Mulanje n'kudzakumana ndi Shire pa Chiromo. Akadzaza, amatchinga Shire, madzi n'kubwerera m'dambo ndi m'midzi. Mitsinje ina monga Mwanza imatsika kuchokera kumapiri omwe mitengo yake idathera m'matumba a makala. Phiri likakhala lambee, mvula silowa pansi, imangothamanga itanyamula nthaka. Nthakayo imadzaza mtsinje, moti pena mchenga wafika pafupi ndi mlatho weniweniwo. Mtsinje wopanda khwawa umayenda paliponse, ndipo umafika m'maola ochepa. Kamtengo ka agogo kaja sikangathandizenso, chifukwa pofika m'mawa kamakhala katapita pamodzi ndi gombe lomwe.

Chopweteka kwambiri n'chakuti madziwa akaphwa, m'madimba ambiri mumatsala mchenga wofika m'mawondo. Mlimi amakumba dzenje kufunafuna dothi la makolo ake kuti abzalemo phando limodzi la chimanga.

Ife aphunzitsi timaona mbali ina yomwe siwerengedwa msanga. Madzi akabwera, sukulu ndiyo imasanduka msasa. Sitingawabweze anthu, pakuti ndi makolo a ana athu omwe. M'kalasi mumagona mabanja khumi, panja pali mafuwa, zimbudzi zimadzaza m'sabata imodzi. Pambuyo pa Freddy tidakhala milungu ingapo osaphunzitsa, ndipo titatsegula tinkaphunzirira pansi pa mtengo. Mtsikana wina wanzeru kwambiri m'kalasi mwanga adabwera ndi makope omatana ngati chigumu, notsi za zaka ziwiri zitafufutika. Adandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mayeso a MSCE adzatiganizira ife a kumadzi?" Mayeso ndi amodzi dziko lonse. Iye adalimbikira, adakopera notsi kwa anzake usiku ndi tochi, koma anzake ena sadabwererenso. Ena adakwatiwa kumsasa komweko, ena adawolokera ku Mozambique kukasaka maganyu.

Kusamuka ambiri sakukukana monga mmene anthu amaganizira. Mabanja ochuluka adakwera kale kumtunda. Koma malo atsopano akakhala opanda mjigo, opanda munda, sukulu ili kutali, munthu amabwerera kudimba chifukwa mimba siyidikira. Chothandiza n'kumanga nyumba kumtunda koma dimba likhalebe lake, monga momwe makolo ankachitira. Tikufunanso malo othawirako omangidwa padera, kuti makalasi azikhala a ana, komanso uthenga wochokera kumtunda uzifika msanga pafoni ndi pawailesi Ruo akangoyamba kudzaza.

Pasukulu pathu tayamba kanthu kakang'ono. Ophunzira a Jogalafe akufunsa agogo awo zaka zomwe madzi adabwera, pomwe adalekezera ndi njira yomwe anthu adathawira, n'kulemba m'kope limodzi lomwe tikulisunga pamwamba pa kabati. Akulu adati madzi saiwala khwawa, choncho ana athu adziwe pomwe padali khwawa asadamangepo nyumba.

Ndipo inu a ku Blantyre, Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Neno, mvula yoyamba ikagwa chaka chino bzalaniko mitengo m'phiri ndi m'mphepete mwa mtsinje wa kwanuko, ndipo muisamale ikule. Nthaka yomwe ikukokoloka m'munda mwanu ndi yomwe ikudzakwirira wathu.