Timawu tomwe timagwetsa anthu pa mayeso a aptitude

Musanatsike pansi pa foni yanuyo, yankhani kaye ili. Alimi onse a manachesi ku Thambani ali ndi njinga. Malume anu ali ndi njinga. Kodi malumewo ndi mlimi wa manachesi?

Funsoli ndinalifunsa kwa achinyamata angapo ku Thambani, m'boma la Mwanza, omwe akusaka malo m'makoleji. Ambiri anayankha msangamsanga kuti inde, poti kwawoko manachesi amapitadi kumsika panjinga.

Koma yankho lake ndi lakuti sitingadziwe. Funso lanena kuti mlimi aliyense ali ndi njinga, silinanene kuti aliyense wa njinga ndi mlimi. Wakabaza nayenso ali nayo. Chotsimikizika n'chimodzi: amene alibe njinga si mlimi wa manachesi wa ku Thambani.

Apa ndiye pamagwera anthu anzeru zawo. Amayankha zomwe amaona kumudzi, pomwe woyesa akufuna zomwe zalembedwa papepalapo basi.

Kale, wofuna kulowa University of Malawi ankalemba mayeso olowera a magawo atatu: chiyankhulo, masamu ndi kaganizidwe. Lero bungwe la National Council for Higher Education, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limayendetsa zosankha ophunzira a mayunivesite aboma potengera zotsatira za MSCE. Komabe mafunso amtunduwu sanathe. Makoleji ena ndi olemba ntchito amayesabe aptitude, ndipo ku America ofuna kuphunzira zamalamulo amakumana nawo pa mayeso a LSAT. Funso limodzi lotere likhoza kukuphonyetsani malo.

Ndiye mutani? Choyamba, lembani mzere pansi pa timawu monga all, some, none ndi only, chifukwa mayesowa amabwera m'Chingerezi. Some amatanthauza mmodzi kapena kuposerapo, osati ambiri. Chachiwiri, jambulani: kamkombero ka alimi kakhale mkati mwa mkombero waukulu wa eni njinga. Muona nokha kuti malume akhoza kuima kunja kwa kakang'onoko. Chachitatu, yankho lililonse mulifunse kuti: kodi pali njira yoti likhale labodza pomwe zomwe ndapatsidwa zili zoona? Ikapezeka, lisiyeni.

Izi sizilira ndalama ya bando. Tengani uthenga uliwonse wofalikira pa WhatsApp, mulekanitse zomwe wolemba watsimikiza ndi zomwe wangoganizira. Mukamatero tsiku ndi tsiku, mayeso adzakupezani mutazolowera kale.