Kachibangili kolankhulira wodwala akakomoka pakati pa anthu osamudziwa

Munthu wodwala matenda a shuga, shugayo akatsika kwambiri m'thupi, amafanana ndi chidakwa. Amadzandira, lilime limalemera, thukuta limangoti kamukamu ngakhale kunja kukuzizira, ndipo wina akamufunsa komwe akupita amayankha zosagwirizana, nthawi zina mwaukali. Izi zikamuchitikira pakhomo pake, mkazi wake kapena mwana amathamangira shuga wothira mu tiyi, ndipo pakatha mphindi zochepa munthu uja amabwerera mwakale. Zikamuchitikira pa depoti ya Wenela, mumsika wa Lilongwe kapena m'minibasi yopita ku Limbe, omuzungulira amakhala anthu osamudziwa, ndipo ambiri mwa iwo amagamula msanga kuti mkuluyu walawirira ku mowa. Ena amamuseka, ena amamujambula pafoni, achifundo amamukokera pamthunzi kuti mowawo ukatha adzuka yekha.

Kumusiya pamthunziko ndiko koopsa. Ubongo umadalira shuga wa m'magazi nthawi iliyonse ndipo sukhala ndi nkhokwe yoti ungatapemo. Madokotala amati shuga watsika akafika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa timakina tina toyezera. Akapitirira kutsika kufika pansi pa 3.0, wodwala amasokonezeka mutu, amatha kugwa ngati wakhunyu kenako n'kukomoka, ndipo akakhala choncho nthawi yaitali ubongo umawonongeka, mwinanso amafa kumene.

Amene izi zimawagwera kawirikawiri ndi omwe ali kale pa mankhwala, makamaka obaya jakisoni wa insulin ndi omwa mapiritsi a glibenclamide, omwe ndi ofala m'zipatala za boma m'dziko muno. Mankhwalawa amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Wina amabaya m'mawa n'kuchedwa pa mzere wa ku banki mpaka nthawi ya nkhomaliro kupitirira, wina amayenda mtunda wautali wapansi, wina amasala kudya chifukwa cha mapemphero. Mowa nawo umatsitsa shuga, motero fungo la mowa pakamwa pa munthu si umboni woti vuto lake ndi kuledzera kokha. Omwa metformin yekha sakumana ndi vutoli kawirikawiri.

N'chifukwa chake m'mayiko ambiri odwala matenda okhalitsa amalimbikitsidwa kuvala chizindikiro: kachibangili ka padzanja kapena kachitsulo kolendewera pa tcheni cha m'khosi, kolembedwa matenda awo ndi nambala ya munthu woti aimbiridwe. Ntchito yake ndi imodzi yokha, yolankhula m'malo mwa mwini wake iye akalephera kutero.

Mchitidwewu udatchuka kuchokera mumzinda wa Turlock, m'chigawo cha California ku America. M'chaka cha 1953, mtsikana wa zaka 14, Linda Collins, adadzicheka chala ndipo ku chipatala adamuyesa pakhungu mankhwala oteteza ku kafumbata. Thupi lake lidawakana mankhwalawo mwamphamvu moti adatsala pang'ono kufa. Bambo ake, Marion Collins, omwe adali dokotala, adayamba kumumangirira kapepala kochenjeza za vutoli akamapita kutali, ndipo pambuyo pake adamusulitsira chibangili cha siliva cholembedwa mankhwala omwe amamuwenga. Mu 1956 adakhazikitsa bungwe la MedicAlert, lomwe lero lili ndi nthambi m'mayiko monga Britain, Canada ndi South Africa. Mamembala ake amavala chibangili chokhala ndi nambala yawoyawo, ndipo achipatala amaimba foni ku bungweli kuti amve mbiri yonse ya wodwalayo.

Kuno ku Malawi mbiri yotere ili m'buku la kuchipatala lomwe wodwala amasunga yekha. Bukuli ndi lothandiza kwambiri chifukwa namwino wa ku Mzuzu atha kuwerenga zomwe adalemba dokotala wa ku Zomba. Koma anthu amalinyamula pa tsiku la kuchipatala lokha. Masiku ena onse limakhala pansi pa sutikesi kapena m'kabati, ndipo ngakhale litakhala m'chikwama, chikwama ndicho chimayamba kusiyana ndi mwini wake pa ngozi ya galimoto kapena pakati pa chikhamu cha anthu. Chiphaso cha unzika chimanena dzina ndi tsiku lobadwa, osati matenda. Kumudzi, komwe aliyense amadziwa kuti agogo akuti amadwala shuga, kusowa kwa chizindikiro sikuoneka. M'tauni munthu amatha tsiku lonse pakati pa makondakitala, akabaza ndi ogulitsa malonda omwe sadziwa ngakhale dzina lake.

Anthu otere si ochepa. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 adapeza kuti anthu 5.6 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 adali ndi shuga wokwera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Pa kachibangili malo ndi ochepa, choncho zolembapo ziyenera kukhala zomwe zingasinthe chithandizo m'mphindi zoyamba. Dzina la mwini wake, dzina la matenda, mankhwala aakulu omwe akumwa kapena kubaya, mankhwala omwe amamuwenga ndi nambala ya foni ya m'bale amene amayankhadi foni, n'zokwanira. Kwa wodwala shuga mawu akuti insulin ndi ofunika kuposa adiresi ya kunyumba. Ndi nzeru kulemba m'zilankhulo ziwiri: Chingerezi cha achipatala, ndi Chichewa kapena chilankhulo cha m'deralo cha munthu wamba amene adzayambe kufika pamalopo. Mawu ochepa monga "Ndimadwala shuga, sindinaledzere" amamveka kwa aliyense wodziwa kuwerenga.

Munthu wamba akawerenga mawu amenewa amakhala ndi chochita. Ngati wodwalayo akadali maso ndipo akutha kumeza, apatsidwe magalamu pafupifupi 15 a shuga, omwe ndi masipuni aang'ono atatu kapena anayi osungunulira m'madzi, kapena theka la botolo laling'ono la Coca-Cola, osati wopanda shuga uja. Pakatha mphindi 15 asanasinthe apatsidwenso, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chokhalitsa m'mimba monga buledi, nthochi kapena nsima, chifukwa mphamvu ya glibenclamide imatenga maola ambiri ndipo shuga atha kutsikanso. Ngati wakomoka, asathiridwe kanthu kalikonse m'kamwa poopa kumutsamwitsa. Agonekedwe chammbali ndi kuthamangira naye ku chipatala, komwe amamupatsa shuga kudzera mumtsempha.

Ena amaopa kuti mwina shuga wa munthuyo wachita kukwera, ndiye kumupatsa wina n'kuonjezera moto. Shuga wokwera kwambiri amathanso kusokoneza mutu, ndipo nthawi zina mpweya wa wodwalayo umanunkhira ngati zipatso zakupsa, fungo lomwe ena amaliyesa la mowa. Koma malangizo a chithandizo choyamba ndi akuti pomwe palibe kamakina koyezera, masipuni atatu a shuga sangaononge zambiri kwa amene shuga wake wakwera, pomwe angapulumutse amene shuga wake watsika. Akapanda kusintha, njira ndi ya kuchipatala basi.

Odwala khunyu nawo amapindula ndi chizindikiro chotere, mwinanso koposa, poti ambiri akadali ndi chikhulupiriro cholakwika choti matendawa ndi opatsirana kudzera m'malovu, moti amathawa munthu akagwa pafupi ndi moto kapena madzi. Khunyu sapatsirana. Wogwayo amafunika kumuchotsera zinthu zomwe zingamupweteke, osamuika sipuni kapena chala m'kamwa, ndi kupita naye ku chipatala ngati kugwako kwapitirira mphindi zisanu. Palinso omwe amawengedwa ndi penicillin kapena Bactrim, odwala mphumu, ndi omwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, omwe bala la pa ngozi limatha kuwatayitsa magazi ochuluka. Kwa onsewa dokotala wa odwala mwadzidzidzi amafuna kudziwa msanga, asanalembe mankhwala.

Zolepheretsa zilipo. Choyamba ndi manyazi, chifukwa si onse amafuna kuti anzawo a kuntchito kapena apongozi adziwe kuti akudwala. Zibangili zambiri zimakhala ndi chizindikiro cha zachipatala kunja, mawu n'kukhala mkati, mbali yogunda khungu, ndipo mwini wake ndiye amasankha zolembapo. Matenda omwe sasintha chithandizo cha mphindi zoyamba akhoza kusiyidwa m'buku la kuchipatala. Chizindikiro cha kunjacho nacho chimadzidzimutsa ena, popeza ndi njoka yozengerezeka pa ndodo, ndipo m'dziko lino zinthu zovala padzanja zimafulumira kutchedwa zithumwa. Njokayo ndi chizindikiro chakale cha ntchito ya udokotala chochokera kwa Agiriki, chomwecho chimene chili pa chidindo cha WHO ndi pa maambulansi ambiri.

Chachiwiri ndi kupezeka kwake. Amene ali ndi abale ku South Africa kapena ku Britain atha kuitanitsa chopangidwa kale, koma palibe lamulo loti chizindikirocho chichokere kunja. Amisiri ozokota mayina pa zikho ndi pa zikwangwani m'matauni atha kulemba mawu omwewo pa kachitsulo kosachita dzimbiri. Chitsulo wamba kapena labala n'zabwino kuposa siliva, yemwe angakope akuba munthu ali chikomokere. Wopanda ndalama atha kulemba kakhadi, kukamata pulasitiki ndi kukavala m'khosi mkati mwa malaya. Mafoni a Android ndi iPhone alinso ndi malo olembapo matenda ndi nambala za abale, omwe amatseguka ngakhale foni ili yokiya, ngakhale kuti foni imatha moto, imasweka ndiponso imabedwa. Dzanja ndi khosi zili ndi ubwino woti ndi malo omwe namwino amagwira pofuna kumva kugunda kwa mtima.

Kachibangili sikalowa m'malo mwa kuyeza. Dokotala amayezabe shuga, ndipo gulu la magazi lolembedwa pa chitsulo silimuchititsa kupereka magazi asanawayeze ku labotale. Kamathanso kusocheretsa ngati zolembedwapo zatha ntchito. Wodwala amene wachoka pa mapiritsi n'kuyamba jakisoni, kapena amene m'bale wake wasintha nambala ya foni, ayenera kukalembetsa kena, ndipo ndi bwino kuti mawu atsopanowo awaonetse kaye namwino kapena dokotala wa ku kiliniki yake asanapite nawo kwa mmisiri.